Kukagula makobidi akale ku chionetsero ku Britain: holo iti, tebulo liti, kwa amene angoyamba kumene

Holo ya chionetsero cha makobidi akale imabalalitsa munthu amene walowamo koyamba. Matebulo andandalikidwa kuyambira pakhomo mpaka kukhoma lakumapeto, pa lililonse pali mabokosi a magalasi, mathireyi ndi mabuku osungiramo makobidi, ndipo kuseri kwake kwakhala munthu amene wagwira ntchito imeneyi zaka makumi angapo. Khobidi la 50p ndi la £5,000 angathe kukhala pa tebulo limodzi, ndipo kwa diso losazolowera onse amangooneka akale basi. Ambiri amene angoyamba kumene amathera ndalama zonse pa matebulo atatu oyambirira. Ena amazungulira holo yonse mwamanyazi, osafunsa kanthu, n'kutuluka chimanjamanja.

Ndikunena za zionetsero za ku Britain chifukwa kumeneko zimachitika pafupipafupi, abale athu ambiri amakhala kumeneko, komanso makobidi amene ankayenda kwathu nthawi ya chitaganya ndi zaka zoyambirira za ufulu anapangidwira ku Royal Mint, fakitale yopanga makobidi a dziko la Britain, ndipo savuta kuwapeza pa matebulo a ogulitsa makobidi a mayiko akunja. Maganizo anga ndi akuti chinthu chachikulu chimene chionetsero chimapatsa munthu woyamba si mtengo wotsika ayi. Ndi mwayi wogwira makobidi mazanamazana m'manja tsiku limodzi, kuwatembenuza, kuwayerekeza, mpaka diso litayamba kusiyanitsa khobidi lotha ndi losatha, lopukutidwa ndi losiyidwa mmene linalili. Njira iliyonse imene ndikambe pano ndikuiyesa ndi muyeso umenewu: kodi ikuphunzitsani zochuluka bwanji, nanga mukalakwitsa mutaya ndalama zingati?

Zionetsero zimasiyana kukula, ndipo kukula sikutanthauza kukuyenerani

Zionetsero zazing'ono ndi zapakati zimachitikira m'mahotela, m'maholo a m'madera ndi m'malo ena obwereka. Chitsanzo chodziwika ndi Midland Coin Fair, chimene chimachitika mwezi uliwonse Lamulungu ku National Motorcycle Museum pafupi ndi Birmingham. Ku York kuli china cha makobidi ndi masitampa chimene chimachitikira pa bwalo la mpikisano wa mahatchi mu Januwale ndi mu Julayi. Polowa mumalipira mapaundi ochepa, kwina mumalowa ulere. Ubwino wa zoterezi ndi woti ogulitsa amakhala ndi nthawi. Mukafunsa chifukwa chake sheleni imodzi ikukwera mtengo kuposa inzake ya chaka chomwecho, ambiri amazitulutsa zonse ziwiri n'kukulozerani pamene pakusiyana. Komanso anthu omwewo amabweranso mwezi wotsatira, choncho ngati khobidi limene munagula lakukayikitsani, mukudziwa kokampeza mwini wake. Chovuta chake n'choti katundu sasintha msanga. Mukapita miyezi ingapo motsatizana mudzayamba kuwazindikira makobidi omwe aja ali pa malo omwe aja.

London Coin Fair imachitika kangapo pa chaka ndipo imakhala ndi ogulitsa ambiri, kuphatikizapo odziwa za dera limodzi lokha, monga makobidi a Aroma, a mayiko a Commonwealth kapena ndalama zamapepala. Ngati mwasankha kale chimene mukufuna kusunga, kumeneko n'kumene mungapeze makobidi angapo a mtundu umodzi pa matebulo osiyana n'kuyerekeza mitengo yake tsiku lomwelo.

Coinex ndi ina. Amakonza ndi a British Numismatic Trade Association, bungwe la ogulitsa limene linayamba mu 1973, ndipo imachitikira ku London chakumapeto kwa Sepitembala. Kumabwera ogulitsa ochokera kunja, kumaikidwa golide ndi makobidi osowa, ndipo makampani a okushoni amachititsa malonda awo akuluakulu m'sabata yomweyo. Pitani mukaone, chifukwa khobidi labwino kwambiri muyenera kulionapo ndi maso kuti mudziwe mmene limaonekera. Koma ndi £50 m'thumba, kumeneko si kogula. N'chimodzimodzi World Money Fair ya ku Berlin, ya kumayambiriro kwa chaka, kumene mafakitale opanga ndalama a mayiko osiyanasiyana amaonetsa zatsopano, ndi World's Fair of Money ya ku America imene imakonzedwa ndi American Numismatic Association mu Ogasiti. Ndalama ya ndege ndi malo ogona yokha ingakugulireni makobidi a zaka ziwiri ku Birmingham.

Choncho woyamba ayambire pa chaching'ono chimene chili pafupi ndi kwawo. Masiku ake amalengezedwa m'magazini ya Coin News ndi pa masamba a intaneti a okonza zionetserozo, ndipo ndi bwino kutsimikizira tsiku ndi malo musananyamuke chifukwa malo amasintha.

Thireyi yosakaniza

Pafupifupi tebulo lililonse, pambali kapena pansi pake, pamakhala thireyi kapena chitini chodzaza makobidi osasankha, onse mtengo umodzi: 20p, 50p, £1, nthawi zina asanu pa mtengo wa anayi. Amene anazolowera kufufuza pa kaunjika sangavutike apa, luso lake ndi lomwelo: kuleza mtima, zala zosatopa, ndi kudziwiratu chimene ukufuna usanapise dzanja. Wogulitsa anataya mmenemo makobidi amene sakanapindula nawo akanati aziwalembera mtengo limodzilimodzi, ndipo n'chifukwa chake nthawi zina mumatsala zinthu zabwino.

Kwa ife, thireyi ya makobidi a mayiko akunja ili ndi zambiri. Mmenemo mumapezeka makobidi a Rhodesia and Nyasaland, amene anapangidwa kuyambira 1955 mpaka 1964: peni yaboola pakati yokhala ndi njovu ziwiri, hafu peni yaboolanso yokhala ndi akadyansonga, tiki yokhala ndi duwa, sheleni yokhala ndi mphalapala, ndi ya masheleni awiri yokhala ndi nkhwazi itanyamula nsomba. Mumapezekanso oyambirira a dziko la Malawi a 1964, okhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda: sikisi peni ya tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri ya njovu, ndi hafu korona ya chizindikiro cha boma. Kwacha ndi tambala zitabwera mu 1971, zithunzi zina zinangosamukira pa makobidi atsopano a mtengo wofanana, chimanga pa 10 tambala, njovu pa 20 tambala, popeza kwacha imodzi inali masheleni khumi. Munthu angathe kusonkhanitsa mbiri yonseyi ndi ndalama zosakwana chakudya cha masana cha anthu awiri ku London. Dziwani chabe kuti m'makobidi a Malawi amenewa mulibe siliva ngakhale amaoneka otuwa, choncho aliyense wokukwezerani mtengo pa chifukwa cha siliva akulakwitsa.

Thireyi ya makobidi a ku Britain imaphunzitsa china, kuyang'ana tizinthu ting'onoting'ono. Peni ya 1912, 1918 kapena 1919 ingathe kukhala ndi kachilembo H kumanzere kwa chaka, kusonyeza kuti inapangidwa ndi fakitale ya Heaton ku Birmingham, ndipo ya 1918 ndi 1919 ingakhalenso ndi KN, ya Kings Norton. Zimenezi n'zosowa kuposa zopanda chilembo. Peni ya 1950 ndi ya 1951 zinapangidwa zochepa kwambiri. Si kawirikawiri kuzipeza m'thireyi, chifukwa ogulitsa nawonso amadziwa, koma kufufuza kumeneko kumakuzolowetsani kuwerenga chaka ndi kuyang'ana pansi pa chithunzi musanayang'ane china chilichonse.

Kuipa kwa thireyi n'koonekeratu. Makobidi amakhulana, ambiri ndi otha, ena ali ndi dzimbiri lobiriwira limene limafalikira kwa anzake mukawasunga pamodzi. Mukadzafuna kugulitsa, palibe amene adzakupatseni zambiri. Ndipo pali msampha wina wofatsa: 50p imaoneka yochepa, koma mukatola makumi anayi opanda dongosolo mwawononga £20 pa mulu umene simudzauyang'ananso. Pisani m'thireyi muli ndi kapepala ka zimene mukusowa.

Khobidi la m'kaenvelopu, lolembedwa mtengo ndi giredi

Apa ndi pamene pali malonda enieni a chionetsero, ndipo ndi pamene woyamba amapindula kapena kutaya. Khobidi lili m'kathumba ka pulasitiki kapena pakati pa makatoni awiri oboola, ndipo wogulitsa walemba dziko, chaka, giredi ndi mtengo. Ku Britain magiredi amalembedwa ndi zilembo: F kutanthauza Fine, lotha ndithu koma zolemba zikuwerengeka, VF, Very Fine, lotha pa malo otukuka okha, EF, Extremely Fine, longokhudzidwa pang'ono, nthawi zambiri kunyezimira kwa ku fakitale kukadalipo m'makona, ndi UNC, limene silinayendepo m'manja mwa anthu. Mudzaonanso kachilembo kakang'ono kutsogolo, monga g kapena n, kusonyeza kuti lapitirirako pang'ono kapena latsala pang'ono kufika pa girediyo.

Chofunika kumvetsa n'choti giredi imeneyi ndi maganizo a munthu amene akufuna kukugulitsani khobidilo. Ambiri ndi oona mtima, koma maso amasiyana, ndipo kuchoka pa VF kufika pa EF mtengo ungathe kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Mankhwala ake ndi kuyenda. Sankhani khobidi limodzi lofala, tinene florin (khobidi la masheleni awiri) ya mfumu George V, muliyang'ane pa matebulo asanu musanagule. Onani tsitsi ndi ndevu za mfumuyo, pamene pamayamba kutha. Mukafika pa tebulo lachisanu mudzakhala mutadziwa amene amalemba giredi mowolowa manja ndi amene amaumira, ndipo woumirayo ndi amene muyenera kumuyandikira ngakhale mitengo yake ioneke yokwererako.

Chimene chimapweteka oyamba kwambiri ndi khobidi lopukutidwa. Diso losazolowera limakopeka ndi kunyezimira, pomwe osunga makobidi amafuna khungu lake lachibadwa, ngakhale litada. Khobidi limene linakwechedwa ndi nsalu kapena mankhwala limakhala ndi timizere tambirimbiri toyenda mbali imodzi, ndipo timaoneka mukalipendeketsa pansi pa nyale. Lina limawala pamalo osalala koma m'mbali mwa zilembo muli litsiro lakuda. Khobidi lotha koma lowala ngati latsopano, lisiyeni. Kunyezimira kwenikweni kwa ku fakitale kumayenda mozungulira mukamalipendeketsa, ndipo kukachoka sikubwereranso. Yang'ananinso m'mphepete, chifukwa makobidi ambiri akale anagwetsedwa n'kuphwanyika pang'ono, ndipo ena anali pa mkanda kapena pa tcheni ya wotchi, chipsera cha pamene anawotcherera chikadalipo. Galasi lokulitsa zinthu kasanu kapena kakhumi limakwanira. Nyale za m'maholo ambiri n'zosathandiza, choncho musachite manyazi kupempha kugwiritsa ntchito nyale ya pa tebulo.

Nkhani ya makobidi abodza ndi yoona, koma siili paliponse mofanana. Palibe amene angavutike kupanga tiki yabodza ya nthawi ya chitaganya. Opanga zabodza amalondola pamene pali ndalama: sovereign (khobidi la golide la paundi imodzi), makorona akuluakulu a siliva, hafu korona ya 1905, ndi 50p ya Kew Gardens ya 2009, imene inapangidwa 210,000 yokha ndipo zofanizira zake zadzaza pa intaneti. Kasikelo ka m'thumba kowerenga mpaka 0.01 ya galamu kamathandiza kwambiri. Sovereign imalemera magalamu 7.98, hafu korona 14.14, florin 11.31, ndipo khobidi lotha limangopepukirako pang'ono. Maginito sagwira siliva kapena golide. Mayeso amenewa amagwira zabodza zosalongosoka zokha, choncho pa khobidi lodula chitetezo chanu chenicheni ndi wogulitsa: akhale wa m'bungwe la ogulitsa, akupatseni lisiti lolembedwa dzina lake, mtundu wa khobidi, giredi ndi mtengo, ndipo anene poyera kuti adzabweza ndalama ngati khobidilo lidzapezeke labodza. Wokana kulemba lisiti wakuuzani kale zonse.

Ngakhale pali zoopsa zimenezi, ndikuona kuti gawo lalikulu la ndalama za woyamba liyenera kupita apa. Khobidi limodzi la £15 limene mwaliyerekeza pa matebulo angapo, mwafunsa za ilo, mwalisankha nokha, limakusiyirani nzeru zimene mudzagwiritse ntchito pa lotsatira.

Khobidi lomatidwa m'kabokosi

Mudzaona makobidi ena atatsekeredwa m'tizibokosi ta pulasitiki yolimba tokhala ndi chikwangwani ndi nambala. Anthu a malondawa amati slab. Makampani awiri a ku America ndi amene amadziwika kwambiri pa ntchitoyi, PCGS imene inayamba mu 1986 ndi NGC ya 1987. Amayesa ngati khobidilo ndi lenileni, amalipatsa giredi pa muyeso wa 1 mpaka 70 umene unachokera kwa William Sheldon mu 1949, n'kulimata. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi makobidi osayendapo. Ku America kabokosi kameneka kali paliponse. Ku Britain ogulitsa ambiri akale amakondabe khobidi logwirika m'manja, ngakhale pa makobidi odula mabokosiwa akuchulukirachulukira.

Phindu lake ndi lenileni. Nambala ya pa chikwangwani mungathe kuilemba pa tsamba la intaneti la kampaniyo muli pomwepo pa tebulo, n'kuona ngati ikugwirizana ndi khobidi limene lili m'manja mwanu. Chitani zimenezi nthawi zonse, chifukwa mabokosi abodza nawonso alipo. Khobidi lopukutidwa kapena lovulala amalilemba kuti Details m'malo molipatsa nambala yoyera, ndipo mawu amenewo amatsitsa mtengo kwambiri. Pogulitsa, khobidi la m'kabokosi limayenda msanga chifukwa wogula wakutali amakhulupirira chikwangwanicho.

Koma ntchito yoyesayo imalipiridwa, ndipo ndalamayo imalowa mu mtengo umene mukulipira. Pa khobidi la £10 n'zopanda nzeru. Magiredi a ku America sagwirizananso ndendende ndi a ku Britain. Khobidi limene wogulitsa wa ku Britain angalitche EF kawirikawiri limapatsidwa dzina lokwererapo m'kabokosi, choncho musatenge nambala ya pa chikwangwani n'kukaiwerengera pa mitengo ya m'buku la ku Britain. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'choti woyamba amene wazolowera kabokosi amasiya kuyang'ana khobidi, amangowerenga nambala. Makobidi awiri a giredi 63 angathe kusiyana kutali kukongola kwake. Malire anga ndi awa: khobidi limene mtengo wake ungakupwetekeni mukautaya, ndipo ndi la mtundu umene amakonda kupanga zabodza, gulani la m'kabokosi. Otsalawo, phunzirani kuwaona nokha.

Siliva wa pa sikelo, ndi zatsopano za m'mabokosi okongola

Ogulitsa ena amakhala ndi mbale ya makobidi a siliva otha amene amagulitsa potengera kulemera. Zaka zake n'zosavuta kuloweza. Makobidi otuwa a ku Britain a 1919 kubwerera m'mbuyo ali ndi siliva magawo 925 pa 1,000; a 1920 mpaka 1946 ndi theka lokha; kuyambira 1947 m'makobidi oyenda m'manja mwa anthu mulibemo siliva konse. Ndiye kuti hafu korona ya 1935 ili ndi siliva pafupifupi magalamu 7, ya 1915 pafupifupi 13. Onani mtengo wa siliva wa tsikulo pa foni, kumbukirani kuti aunsi imene amayesera siliva ndi magalamu 31.1, ndipo mudzadziwa ngati mukulipira chitsulo chokha kapena akuwonjezerani. Njira imeneyi ili ndi pansi pake: khobidi silingatsike kuposa mtengo wa siliva wake. Mtengo wa silivawo ndi umene umakwera ndi kutsika, ndipo makobidi ake amakhala otha kwambiri moti saphunzitsa zambiri za giredi.

Za makobidi atsopano achikumbutso, a m'mabokosi ansalu okhala ndi satifiketi, ndinena mwachidule. Gulani ngati chithunzi chake chakusangalatsani, osati poganiza kuti adzakwera mtengo. Pa chionetsero chomwecho mudzaona ambiri a zaka zapitazo akugulitsidwa motsika kuposa mmene anagulidwira ali atsopano, ndipo amenewo ndi umboni wokwanira. M'gulu lomweli muli makobidi opaka utoto olembedwa dzina la Malawi kapena Zambia, okhala ndi nyama, anthu otchuka kapena zinthu zosakhudzana ndi kwathu. Anapangidwira msika wa osunga makobidi akunja ndipo sanagulepo ngakhale mchere pa msika uliwonse wa kwathu. Amene akufuna ndalama zimene makolo athu anagwiradi asasokonezedwe nawo.

Nanga bwanji osangogula pa intaneti kapena ku okushoni?

Pa eBay pali katundu wochuluka kuposa holo iliyonse, ndipo chaka chimodzi chosowa chimene mwachifunafuna mungachipeze usiku umodzi. Lamulo la ku Britain limapatsanso wogula pa intaneti kwa wamalonda masiku 14 obweza katundu, pomwe pa tebulo kubweza chifukwa chongosintha maganizo kumadalira zimene mwagwirizana ndi wogulitsa. Koma chithunzi chimabisa timizere ta kupukuta, ndipo ndalama yotumizira imaposa mtengo wa khobidi lotchipa. Phindu lalikulu la intaneti kwa wopita ku chionetsero ndi lofufuzira: onani mitengo imene makobidi anagulitsidwadi, osati imene anthu akungoitanira, ndipo pa Numista, tsamba la intaneti lofotokoza makobidi, mupeze kulemera, kukula ndi nambala ya KM (ya m'buku la mndandanda wa makobidi) imene ogulitsa makobidi a mayiko akunja amalemba pa timaenvelopu tawo.

Okushoni, monga ya Spink kapena Noonans ku London, ndi kumene kumapita makobidi abwino kwambiri, ndipo amafotokozedwa ndi akatswiri. Woyamba amaiwala ndalama yowonjezera imene wogula amalipira pamwamba pa mtengo wopambanira, imene kawirikawiri imafika kapena kupitirira 20 peresenti, kuphatikizanso msonkho wa VAT pa ndalama yowonjezerayo. Tiyerekeze kuti mwapambana pa £100 ndipo yowonjezera ndi 24 peresenti: mulipira £124, kuonjeza £4.80 ya msonkho, kutumiza kusanawerengedwe. Pa tebulo mtengo umene mwagwirizana ndi womwewo. Okushoni idikire mpaka mutadziwa bwino dera lanu.

Nthawi yofika, kunenerera, ndi khalidwe la pa tebulo

Ogulitsa amagulitsana okhaokha zitseko zisanatsegulidwe, ndipo zionetsero zina zimalola kulowa msanga kwa olipira ndalama yokwererapo. Woyamba sakufunika zimenezo. Fikani m'mawa zitseko zitangotsegulidwa ngati mukufuna kusankha bwino, kapena chakumasana ngati mukufuna kucheza ndi ogulitsa anthu atachepa. Musafike mochedwa poyembekeza mitengo yotsika ya kumapeto, chifukwa ambiri amayamba kulongedza nthawi yotsekera isanakwane, makamaka ochokera kutali. Zungulirani holo yonse kaye musanatulutse chikwama, mukulemba tebulo ndi mtengo wa chimene chakukopani.

Kunenerera kulipo, koma kuli ndi malire ake. Funsani mwaulemu kuti mtengo wake womaliza ndi uti. Ambiri amachotsako pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi, makamaka mukagula makobidi angapo kapena mukalipira ndalama yapamanja. Ambiri tsopano ali ndi makina a khadi, koma osati onse. Kutchula theka la mtengo kumangotseka kukambirana, ndipo kunyoza khobidi kuti litsike mtengo kumakhumudwitsa munthu amene mukufuna kuti mwezi wamawa adzakusungireni chabwino. Pa golide ndi siliva wa pa sikelo phindu la wogulitsa ndi lochepa, choncho musayembekezere kuchotseredwa. Mukati muganize kaye, mungathe kupempha kuti akusungireni kwa kanthawi, koma mubwerere kukanena ngakhale mwasintha maganizo.

Pemphani musanagwire. Tengani khobidi limodzi pa nthawi, ligwireni m'mphepete ndi zala ziwiri, muli pamwamba pa thireyi kapena nsalu kuti likapulumuka lisagwere pansi. Chikwama chanu chisakhale pa tebulo ndipo manja azioneka, chifukwa ogulitsa amaberedwa ndipo amakhala tcheru ndi aliyense. Musatulutse khobidi m'kaenvelopu popanda chilolezo, musasakanize makobidi anu ndi awo, ndipo ngati wina akukambirana mtengo dikirani amalize. Nenani poyera kuti mwangoyamba kumene ndi chimene mukufuna kusunga. Ena amaopa kuti akatero adyeredwa masuku pamutu, koma wogulitsa wanzeru amadziwa kuti woyamba wa lero ndi kasitomala wa zaka zambiri, ndipo mabokosi ambiri abwino amakhala pansi pa tebulo, amatuluka pokhapokha wina atafunsa. Mawu akuti Nyasaland kapena Malawi okha angathe kukutulutsirani buku lonse limene silinali poonekera.

Ngati mwapita ndi £60, ine ndingaigawe motere: £10 m'mathireyi, motsatira kapepala kanu, £35 kapena £40 pa khobidi limodzi kapena awiri a m'kaenvelopu amene mwawayerekeza mokwanira, yotsalayo pa galasi lokulitsira ngati mulibe, ndi timaenvelopu tosungira. Pa timaenveloputo funsani topanda PVC. Pulasitiki yofewa ya PVC imene ogulitsa ambiri amaikamo makobidi ndi yongoonetsera, ndipo khobidi likakhalamo zaka limatuluka utomoni wobiriwira umene umadya chitsulo. Mukafika kunyumba samutsani makobidiwo, musawatsuke ngakhale aoneke akuda bwanji, ndipo kapepala ka wogulitsa mukasunge pamodzi ndi khobidi lake mutalembapo tsiku ndi ndalama imene munalipira.